Chipinda cha Zenera Limodzi

Tagulitsa mafuta a azitona, migolo itatu,
ndalama tazimanga pa kansalu,
ndipo Aurélio wati, "Chaka chino tikaone Lisboa
maondo asanatikane."
Zaka makumi anayi ndi ziwiri tili pabanja,
kutali komwe tinafika ndi kuchipatala cha ku Porto,
ndipo kumeneko tinangoona denga loyera ndi botolo la diripi.

Mapu tawayala pakati pa mbale za mgonero,
kapu ya khofi yapsinja ngodya kuti asapindike.
Mzinda wonse ndi timizere topiringizana
ngati ulusi umene mphaka wachezera kuuseweretsa.
Mwana wathu Benedita watumiza zipinda zitatu pafoni,
akuti, "Sankhani msanga, amayi, anthu akulanda."

Choyamba chili ku Alfama.
Pachithunzi pali zenera, malaya pachingwe,
mtsinje wa Tejo ukunyezimira kuseri kwa madenga ofiira.
Mtima wanga walowamo kale, wavula nsapato, wakhala pabedi.
Koma pansi pali timalemba tofuna magalasi:
masitepe makumi asanu ndi limodzi kudza anayi,
chikepe palibe.
Aurélio wasisita bondo lakumanzere,
lija linathyoka atagwa mumtengo nthawi yokolola,
wayang'ana kudenga, kukamwa kuli tseke.

Chachiwiri n'chotchipa, chili kufupi ndi siteshoni,
zenera lake lapenya khoma la anzathu.
"Tikangogonamo basi," iye akutero.
Ndati, "Khoma ndili nalo konkuno, bambo,
silifuna maola asanu ndi limodzi pabasi."

Chachitatu ndi hotela ya zitseko zodzitsekukira zokha,
kadzutsa alipo, matawulo apinda ngati mbalame.
Usiku umodzi mtengo wake ndi nkhosa yathunthu.
Taseka mpaka kutsokomola, tachidumpha.

Custódia wavomera kudyetsa nkhuku,
ngakhale wabwera ndi machenjezo odzaza dengu:
kasitima kachikasu kamumsewu kadzaza opisa m'matumba,
madzi n'ngogula, moni sayankha.
Iye sanapiteko, anangomva kwa mlamu wake.
Komabe ndasoka kathumba m'kati mwa jekete,
wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Kuseri kwa kalendala talemba zokaona.
Iye akufuna mlatho wautali uja, ndi zombo,
ndi nsomba yowotcha pamakala yodyera poimirira.
Ine ndalemba dzina la msewu umodzi wokha
umene mlongo wanga Amílcar ankalemba kuseri kwa envulopu
miyezi isanu asanakwere chombo.
Makalata anatha, iye sanabwere.
Sindikafunsa aliyense. Ndikufuna ndikangoima pakhomopo,
ndione ngati dzuwa linkafika pazenera lake.
Msewuwo uli ku Alfama.
Aurélio wauwerenga kawiri, wapinda kalendala,
wati, "Tiyeni tigone, mawa ndi tsikunso."

Pakati pa usiku ndadzidzimuka, bedi lazizira mbali imodzi.
Matabwa akulira. Phazi, ndodo, phazi.
Masitepe a nyumba yathu ndi khumi ndi limodzi
ndipo wina akuwakwera, akutsika, akukweranso,
akuwerengera pansipansi ngati wophunzira samu:
"makumi anayi ndi atatu... makumi anayi ndi anayi..."
Wapumira, wefuwefu, watukwana mtengo uja.
Wayambiranso.
Ndafunda bulangeti kumutu, ndaluma mkono,
kuti asadziwe kuti ndikuwerenga naye.

M'mawa wabwera ndi khofi akutsimphina,
nkhope ili duu ngati palibe chachitika.
"Umuuze Benedita, cha zenera chija.
Koma sutikesi ikhale yaing'ono,
ndipo tikakwera kamodzi patsiku, osati kumangoyendayenda."

Ndatenga pensulo, ndafafaniza nsapato za tchalitchi,
ndafafaniza ambulera,
pansi pa matikiti ndi mapiritsi a magazi
ndalemba: mafuta opaka bondo, machubu awiri.